Amalonda a zida za kompyuta, tiuzeni zoona

Ife odandaula ndife achinyamata a m'matauni a Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ena tili pasukulu, ena timadalira maganyu, ena tangoyamba kumene ntchito. Tonse tinasunga ndalama pang'onopang'ono kuti tilumikize kompyuta yathu yoyamba yosewerera magemu, ndipo kwa ambirife ndalamazo zinalowa m'madzi. Dandaulo lathu likupita kwa inu ogulitsa zida za makompyuta, a m'mashopu ndi inu otsatsa malonda pa foni.

Za kukwera mtengo tikuzimvetsa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chida chilichonse cha kompyuta chimalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zovuta kupeza. Umenewo si mlandu wanu. Mlandu wanu ndi wakuti mumatigulitsa dzina, pomwe chinthu chenichenicho mukuchidziwa kuti sichingagwire ntchito imene tabwerera.

Munthu akalowa m'shopu n'kunena kuti akufuna makina a magemu, yankho limakhala lakuti, "Achimwene, iyi ndi Core i7, palibenso ina yoposa apa." M'badwo wake simutchula. Chonsecho i7-2600 inatuluka mu 2011, i7-3770 mu 2012, ndipo i3-12100 ya mu 2022, ngakhale dzina lake likumveka laling'ono, imazisiya kutali zonse ziwirizo. Manambala otsatira dzinalo ndiwo amanena zoona, ndipo ndi omwewo amene sapezeka pa kapepala ka mtengo. Nkhaniyi yakula tsopano chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Wogula i7 ya m'badwo wachitatu lero akugula makina amene nthawi yawo inatha, koma akulipira ngati atsopano.

Ambiri mwa makina amenewa ndi a kaunjika ochokera m'maofesi a kunja, a mtundu wa Dell OptiPlex ndi anzake a HP. Kaunjika sitimunyoza ayi. Munthu wa ndalama zochepa akapeza makina otere a m'badwo wabwinoko n'kuikamo GTX 1650, khadi yomwe mitundu yake yambiri imakhutira ndi mawati 75 ochokera pa motherboard pomwepo, amasewera bwinobwino. Chotiwawa n'chakuti mumatenga zam'kati za makina okalamba n'kuziika m'bokosi lagalasi lokhala ndi mafani owala mofiira ndi mobiriwira, n'kulemba kuti ndi kompyuta ya magemu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikafika kunyumba timapeza kuti graphics card yake ndi GT 710 kapena GT 730, makadi opangidwira munthu wa mu ofesi amene akungofuna polumikiza sikirini. Tikafunsa mumati, "Koma ili ndi 4GB." Kuchuluka kwa memory sikusandutsa khadi yofooka kukhala yamphamvu, ndipo inu mukudziwa. EA Sports FC 24, gemu ya mpira imene ambirife tinasungira ndalama, imafuna GTX 1050 Ti kapena RX 570 pa mlingo wotsikitsitsa. GT 730 siyandikira n'komwe.

Ena mwa ife titamva zimenezi tinasakasaka GTX 1050 Ti yomweyo, ndipo tinaipeza pa mtengo wokoma. Pa sikirini inkalembadi dzina limenelo, koma madiraivala atsopano ankakana kulowa, gemu n'kumangotsekeka pakati. Inali GTS 450 ya mu 2010 imene wina anaisintha pulogalamu ya m'kati kuti izinama dzina. Chinyengo chimenechi sichovuta kuchigwira. GTX 1050 Ti yeniyeni ilibe polumikizira VGA, pabuluu paja, pomwe zabodzazi zambiri zili napo, ndipo pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaulula makadi otere m'kanthawi kochepa. Mwina inunso anakupusitsani kumene munapikula katunduyo. Ngati zili choncho, kabwezeni komweko, musasenzetse mwana wasukulu.

Palinso makadi enieni koma a dzina losokoneza, ndipo apa m'pamene timafuna kwambiri pakamwa panu. GT 1030 ilipo mitundu iwiri: ya GDDR5 ya mu 2017, ndi ya DDR4 imene inabwera chaka chotsatira, yochedwa kwambiri ngakhale dzina ndi limodzi. RX 580 yambiri imene yadzaza pamsika ndi ya 2048SP, yomwe mphamvu yake ndi ya RX 570, osati ya RX 580 yokhala ndi 2304. Makadi ambiri a mtundu umenewu anagwirapo ntchito yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, mpaka ndalama ya Ethereum itasiya kudalira makadi otere pa 15 Seputembala 2022, eni ake n'kuwakhuthulira pamsika. Tikunena mosabisa: RX 580 yogwiritsidwapo ntchito, ikakhala yamoyo, ndi imodzi mwa makadi othandiza kwambiri munthu wosauka, ndipo tikhoza kuigula mosangalala. Koma musaipukute fumbi n'kuikulunga m'pulasitiki kuti ndi yatsopano. Tiuzeni kumene yachokera, mutilole tione ngati mafani akuzungulira bwino ndiponso ngati ikutentha mopitirira, ndipo mtengo ukhale wa chinthu chakale.

Chimene chatiliza kwambiri ndi power supply. Pa zida zonse, ichi ndicho chimene munthu woyamba kumene sachiganizira, chifukwa sichionjezera liwiro la gemu, ndiye ndalama zikatsala pang'ono inu mumati, "Tengani iyi bwana, 500W, yotchipa." Bokosi lake n'lopepuka m'manja, chizindikiro cha 80 Plus n'chongomata, ndipo mukawerenga manambala aang'ono a m'mbali mupeza kuti pa 12V, pomwe processor ndi khadi zimakoka mphamvu, sipafika pafupi ndi 500 yolembedwayo. RX 580 payokha imadya mawati pafupifupi 185 ndipo imafuna waya wakewake wa mapini 8. Power supply ikakhala yopanda wayayo mumatipatsa kawaya kosinthira kuchokera pa SATA, komwe sikanapangidwire katundu wolemera choncho, ndipo kamatentha mpaka kusungunuka. Kuno kwathu magetsi amazima n'kuyaka mwadzidzidzi, nthawi zina n'kubwera ndi mphamvu yoposa muyeso. Power supply yabwino ili ndi zoteteza, moti imadzizimitsa yokha. Yachabechabe ikamafa imatenga motherboard, khadi ndi SSD n'kupita nazo. Alipo pakati pathu amene anamva kuphulika ndi fungo la kupsa, ndalama zimene anadzimana kwa nthawi yaitali n'kuthera pomwepo. Kukanakhala kuti wina anawauza kuti asiye mafani owala n'kuika ndalamazo pa power supply ndi kachipangizo kotchinjiriza magetsi, bwenzi lero akusewera.

Zina ndi zazing'ono koma zimapweteka chimodzimodzi. Mnzathu wina anagulitsidwa Ryzen 5 5600G, chisankho chanzeru kwa wopanda ndalama ya khadi popeza zithunzi imatulutsa yokha, koma anamuikira RAM imodzi ya 16GB m'malo mwa ziwiri za 8GB, pomwe processor imeneyi imathamanga bwino RAM ikakhala iwiri. Wina anamupatsa processor ya Intel yothera ndi chilembo F popanda khadi, osamuuza kuti yotereyo situlutsa chithunzi, ndipo anakhala akuyang'ana sikirini yakuda poganiza kuti waononga yekha. Wina RAM ya DDR5 pa motherboard ya DDR4, yosalowa n'komwe.

Tikabwerera kwa inu, mumatilozera mawu a pa lisiti akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kapena mumati tinalumikiza molakwika. Poyesa m'shopu munangoyatsa kuti tione Windows yatseguka, ngati kuti kutseguka kwa Windows ndiye umboni wakuti makina apirira gemu. Kunyumba nako makolo amati tinataya ndalama pa zibwana, ndipo timasowa choyankha. Komatu kompyuta imeneyi si ya magemu okha. Ndi yomweyo imene wina amakonzera mavidiyo a ukwati, wina amajambulira mapulani a nyumba, wina amaphunzirira kulemba mapulogalamu, wina amafuna kutsegulira kachipinda koseweretsa mpira kuti azipezako ya sopo. Mukaipha pa tsiku loyamba mwapha zonsezo, ndipo ambiri sayesanso.

Zopempha zathu sizikudyerani phindu. Pa kapepala ka mtengo lembani dzina lonse la processor ndi manambala ake, dzina lonse la khadi ndi mtundu wa memory yake, ndiponso amene anapanga power supply. Chakale chitchuleni kuti n'chakale. Ikani gemu imodzi yolemera pa makina a m'shopu kuti wogula aone ndi maso ake kwa theka la ola asanatulutse ndalama, GPU-Z ili yotsegula pambali. Tipatseni masiku oti tibweze chinthu chikafa chokha, ndipo masikuwo alembedwe pa lisiti. Ndipo mnyamata kapena mtsikana akabwera ndi ndalama zosakwana makina amene akufuna, muuzeni kuti sizikukwana, abwerere akaonjezere, kusiyana n'kumupatsa GT 730 m'bokosi lowala.