Mphunzitsi Naye Abwerere ku Sukulu

Mwana wa autism kaŵirikaŵiri sayang'ana munthu m'maso, amatseka makutu pakakhala phokoso, ndipo amasautsika zochita za tsiku zikasintha mwadzidzidzi. Mphunzitsi wosadziŵa amati ndi mwano, natenga mkwapulo. Achibale amati walodzedwa. Chonsecho Leo Kanner adalongosola za vutoli kalekale, mu 1943.

Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Ntchito imeneyi njotamandika. Komabe ife tikuti aphunzitsi ameneŵa apatsidwe mwaŵi wopitiriza maphunziro mpaka digiri yachiŵiri, kuti adziŵe kulankhula ndi mwana wotere kudzera m'zithunzi ndi zizindikiro, nakaphunzitsenso anzawo m'maboma onse. M'mera mpoyamba, tikazengereza, mwanayo adzasiya sukulu, ndipo mlandu udzakhala wathu.