Nsomba ya Chingerezi ku Cape Town: akalawe kapena asiye?

Anyamata a kunyanja, dzulo msuweni wanga wa ku Cape Town anandiimbira. Pafupi ndi kuntchito kwake kuli kalesitilanti ka banja limodzi, kophika za Chingerezi. Akufuna kukalawa koma mtima ukukana, poti ndalama yake ndi yomwe amatumizira azakhali mwezi ukatha.

Ine ndamuuza kuti apite, koma kamodzi kokha.

Chakudya chawo chachikulu ndi fish and chips. Nsomba amaichotsa minga, n'kuiviika m'phala la ufa wa tirigu, n'kuikazinga m'mafuta ambiri. Pamwamba mchere ndi viniga basi. Ku England amakonda cod ndi haddock, ku Joni kawirikawiri ndi hake. Ingapose chambo chootcha pamakala? Ayi, tisanamizane.

Koma taganizani. Bambo anga agona pamadzi zaka zonsezi, kukacha nsomba n'kugulitsa padoko pamtengo womwe venda wanena. Banja lija nsomba limadula lokha, kukazinga lokha, phindu lonse n'kutsala m'nyumba. Akuti bambo ali pamoto, mayi pandalama, ana akuperekera mbale.

Ine zokonza injini ndinaphunzira poyang'ana manja a ena. Ndiye msuweni, ukalowa usakangodya. Ukaone mmene amasungira nsomba kuti isawole, ukafunse mafuta amasintha pakapita masiku angati. Mbale imodziyo uitenge ngati fizi. Ukadzabwera tidzayesere pa Monkey Bay pompano, ndi chambo chathu.

Tumizirani anzathu ali kunja.