Mkhalapakati wa Ndodo ndi Mkhalapakati wa Makutu

Njira zoyanjanitsira anthu oyambana si imodzi ayi. Pali mkhalapakati amene amadza ndi ndodo, nawauza oyambanawo kuti satuluka m'nyumba kufikira atapangana. Palinso wina wopanda ndodo, amene chuma chake ndi makutu ndi kuleza mtima basi. M'maofesi ndi m'sukulu zathu woyambayu ndiye amatamandidwa, pakuti kwa iye mlandu sugona. Tsono tiyeni tiyese njira ziwirizi ndi zimene zidachitikadi.

Mu November 1995 nthumwi ya America, Richard Holbrooke, idasonkhanitsa atsogoleri a Bosnia, Serbia ndi Croatia pamalo a asilikali ku Dayton, ndege za NATO zitaponya kale mabomba. M'masiku 21 pangano lidapezeka ndipo mfuti zidakhala chete. Tisachepetse ntchito imeneyo. Koma dziko la Bosnia lidatsala logawika pawiri, ndi apulezidenti atatu, ndiponso kapitawo wochokera kunja woyang'anira panganolo.

Ya ku Mozambique ikutikhudza koposa, popeza anthu opitirira miliyoni imodzi othawa nkhondoyo adakhala pakati pathu, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi kwina. M'chaka cha 1989 ntchito yoyanjanitsa boma la Frelimo ndi Renamo idapatsidwa kwa Pulezidenti Moi wa Kenya ndi Pulezidenti Mugabe wa Zimbabwe, anthu amphamvu ndithu. Sidatheke. A Renamo sadaiwale kuti asilikali a Zimbabwe adali kumenyana nawo pa njira ya ku Beira, ndipo boma nalo lidakayikira Kenya. Msonkhano umene udakonzedwa ku Blantyre mu June 1990 sudachitike n'komwe.

Mwezi wotsatira mbali ziwirizo zidakumana ku Rome, m'nyumba yakale ya masisitere, likulu la gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Apakati adali anayi: Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Poyamba sadatchedwe n'komwe akhalapakati, koma openyerera chabe. Adalibe asilikali, adalibe chowopsezera munthu. Zokambiranazo zidatha miyezi 27, anthu kumudzi akufabe, ndipo ambiri adadzudzula kuchedwako. Sitinganene kuti adalakwa kudandaula. Komabe pa 4 October 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina, ndipo mu 1994 adapikisana pa chisankho.

Kodi mphamvu ya anthu anayiwa idagona pati? Timamva kawirikawiri kuti mkhalapakati wabwino ndi mlendo wosadziwana ndi mbali iliyonse. Ku Rome sizidatero. Gonçalves adali Mndau monga Dhlakama, ndipo a Renamo ankamumvera; a Sant'Egidio ndi Raffaelli adali atadziwana ndi a Frelimo kwa zaka zambiri. Aliyense amene adakhalapo pa mlandu wa banja azindikira dongosolo limeneli: mwamuna ali ndi nkhoswe yake, mkazi ndi yake, onse achibale, koma chimene akusunga ndi banjalo. Wina angafunse kuti, nanga Moi ndi Mugabe sadali ankhoswe otero? Adali, koma nkhoswe imene ili ndi mbuzi yakeyake pa mlanduwo sikhalanso nkhoswe.

Tisabise kuti makutu okha sadamalize ntchito. Mugabe yemweyo ndiye adathandiza kuti Chissano ndi Dhlakama aonane maso ndi maso mu August 1992, ndipo asilikali a United Nations ndiwo adalondera panganolo. Ndodo idafika potsiriza, eni mlandu atamvana kale. Ndiponso mfuti zidaliranso mu 2013, kufikira pangano lina mu 2019.

Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mtendere ndi umodzi m'chaka cha 2022, limene likufuna kuti m'maboma mukhale makomiti osungitsa mtendere. Apa ndi pamene tikuchenjeza. Bwanamkubwa kapena mphunzitsi wamkulu adazolowera kugamula, ndipo nthawi zina ayeneradi kugamula: mphunzitsi wogona ndi mwana wa sukulu sayanjanitsidwa ndi makolo, amapita kupolisi. Koma mkangano wa malire a munda, wa ufumu, kapena wa komiti ya sukulu ndi aphunzitsi, ndi wa anthu amene mawa adzatunga pachitsime chimodzi. Bwana akaugamula masana amodzi kuti lipoti lipite ku likulu, wogonjayo amaomba m'manja, nabwerera nawo chaka chamawa kwa bwana watsopano.

Chotero posankha a m'makomitiwa tisangofuna anthu amene alibe mbali; tifune amene mbali iliyonse ingawauze zakukhosi usiku, omwe sayembekeza munda kapena mpando pa mlanduwo. Ndipo akulikulu aleke kufunsa chiwerengero cha milandu yotsekedwa pamwezi, ayambe kufunsa kuti mwa imene idatsekedwa chaka chatha, yabweranso ndi ingati.