WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Dziko likagula ndege kapena galimoto ya nkhondo, mtengo wa tsiku logula si wotsiriza. Chombocho chimafuna masipeya zaka zonse zimene chikugwira ntchito, ndipo m'menemo ndi mmene chuma cha Boma chimatayikira mwakachetechete.

Dziko la America linaphunzira izi mochititsa manyazi. M'chaka cha 1983 kunamveka kuti asilikali apamadzi a dzikolo anagula nyundo wamba pamtengo wa madola 435. Mu 1985 kunamvekanso za chovundikira chimbudzi cha m'ndege ya P-3 Orion chimene kampani ya Lockheed inkagulitsa madola 640. Mbali ina ya mtengo wa nyundo ija inadza kaamba ka kawerengedwe: zolipira zina za kampani zinagawidwa mofanana pa katundu yense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo mu 1984 lolamula kuti makampani azipikisana pogulitsa katundu ku Boma. Mu 1985 Pulezidenti Ronald Reagan anasankha David Packard kutsogolera bungwe lofufuza kagulidwe ka zida.

Koma madzi saiwala khwawa. Mu 2019 ofufuza a Unduna wa Zachitetezo anayeza mitundu 47 ya masipeya ogulidwa ku kampani ya TransDigm, napeza phindu lopyola muyeso pa mitundu 46. Kampaniyo inabweza madola 16.1 miliyoni. Chinsinsi chake chinali chimodzi: inali yokha yopanga zambiri mwa zitsulozo. Wogula amene ndege yake yaima sakhala ndi mphamvu yonenerera mtengo.

Motero nthawi yochepetsa mtengo wa masipeya ndi tsiku losainira pangano logula chombocho. Panganolo liyenera kutchula mitengo ya masipeya ya zaka zamtsogolo, kupereka kwa wogula mabuku ndi mapulani a zitsulo, ndiponso kulola amakanika a asilikali kukonza okha zimene angathe.

Phunziroli ndi lalikulu koposa kwa dziko losauka, limene limalipira chitsulo chilichonse ndi ndalama zakunja zochokera m'thukuta la mlimi. Zinsinsi za nkhondo ziyenera kusungidwa, koma mtengo wa bawuti si chinsinsi cha nkhondo. Kalaliki aliyense wa Boma, msungi wa nyumba ya katundu ndi mtsogoleri wa Chipani adziwe kuti kufunsa mtengo asanasaine si mwano. Ndiko kukhulupirika kumene mtundu ukuyembekeza kwa iwo.