Kapinga Sadzitchetcha Yekha

Anzanga a pa koleji pano, pa nkhani ya gofu tagawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zandikwiyitsa. Ena akulota tsiku limene adzalandire digiri, nagula galimoto, nakalembetsa ku kalabu. Ena ndi anyamata a mtima wa moto aja amene, akakhuta nyemba za ku kafiteriya, amafuula kuti mabwalo a gofu ndi zotsalira za atsamunda, tiwagaule tidzalemo chimanga. Oyambawo akayang'ana bwalo amaona ubwana, enawo amaona munda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amaona munthu wa ovolosi yong'ambika amene ali chiweramire pamenepo kuyambira m'mbandakucha.

Malume anga ndi mmodzi wa anthu otere, pa kalabu ina kutali ndi Zomba. Pa kalata yawo ya malipiro palembedwa kuti ndi lebala, ndiye kuti munthu wopanda luso. Tsono tamvani ntchito za wopanda lusoyu.

Udzu umene amasamala ndi kapinga, yemwe uja amayi anu amamutemberera akamera m'munda. Pa kabwalo kozungulira dzenje, kamene osewera amati green, udzuwo umametedwa mpaka kutsala mamilimita 4 kapena 5. Akatsitsa mpeni wa makina pang'ono chabe, udzu upsa. Akausiya masiku awiri, mpira suyenda, ndipo bwana wophonya dzenje wapeza womunamizira. Asanatchetche ayambe wagwetsa mame, poti udzu wokhalitsa ndi chinyezi umagwidwa matenda. Dzenje lenilenilo, la mamilimita 108 m'mimba mwake, amalisuntha kawirikawiri kuti mapazi asaperepese malo amodzi, ndipo lakalelo amalitseka ndi chigamba cha udzu mwakuti simungaloze pamene linali. Nthaka ikalimba amaiboola timabowo tambirimbiri kuti mizu ipume, nathiramo mchenga. Mu Okotobala adziwe nthawi yothirira. Mu Januwale, mvula ikakokolola mchenga wa m'maenje, aubweze ndi wilibala. Chiswe ndi mfuko nazo sizidziwa kuti Loweruka kuli mpikisano. Akachoka apo akukoka laimu pa bwalo la tenisi, kenaka akukankha chigudumu pa mayadi 22 a bwalo la kiriketi, limene likufuna nthaka yolimba gwa, yosiyana ndi ya gofu ija. Anzathu a ku Bunda zoterezi amalembera mayeso. Malume ati ndi ganyu.

Kwawo kwa masewerawa sikunali tero. Tom Morris, amene anasamala bwalo la St Andrews ku Scotland zaka zoposa 30, anapambananso mpikisano wa Open kanayi, mu 1861, 1862, 1864 ndi 1867. Dzenje la 18 la bwalo lakale la kumeneko limatchedwa dzina lake mpaka lero. Azungu anabwera nazo ndodo, mipira ndi malamulo, koma ulemu wa wosamala bwalo anauiwala pa doko. Ndipo ife, titalandira ufulu mu 1964, tinalandira makalabuwo pamodzi ndi kuiwalako. Pa khoma la kalabu ya malume pali matabwa a maina a akatswiri ndi apampando, olembedwa ndi utoto wagolide. Dzina lawo palibe. Mnyamata wa msinkhu wanga, Mmalawi mnzathu, amawaitana kuti boyi, imvi zili mbuu. Mankhwala ophera chiswe amapopera ndi manja osavala kanthu, jombo anagula okha pa kaunjika.

Nanga inu a chimanga, mukagaula bwalolo ndani alire? Bwana akwera galimoto kukasewera maenje 18 ku Lilongwe. Malume abwerera kumudzi ndi luso limene palibe angaligule. Mukuti mukumenyera amphawi, chonsecho simunamfunse mmphawiyo dzina.

Gymkhana Club ili pompano, ulendo wapansi. Likulu linachoka ku Zomba mu 1975, mabwana ambiri natsatira, koma wina anatsala nawo udzuwo. Musanalembenso ndakatulo zolira anthu wamba amene simunawaonepo, kaimeni m'mbali mwa msewu dzuwa lisanatuluke muone ntchitoyo. Ndipo aphunzitsi athu amene muli ndi makadi a kalabu m'thumba, kulikonse kumene mumasewera, pa msonkhano wa pachaka kafunseni zinthu zitatu: wosamala bwalo walembedwa kuti ndani, amalandira zingati, ndipo magolovesi ake ali kuti.