Mowa wodula salawa ndi thumba

Loweruka lapitali ndinali pa bala ina mu Limbe ndi mnzanga wogulitsa zitsulo za galimoto. Malonda anali atamuyendera, tsono anaitanitsa botolo lathunthu la Johnnie Walker Black Label. Analiimika pakati pa tebulo, dzina litayang'ana kukhomo kuti aliyense wolowa aone. Kenaka anathira matoti awiri m'tambula, nadzazitsa ndi Kokakola mpaka m'milomo, n'kugugudiza ngati munthu wochokera kudimba. Nditamfunsa kuti wamva kukoma kotani, iye anati, "Aise, ndi mowa wa mabwana umenewu." Funso langa sanayankhe.

Ndalama ndi zake, ndipo sindikumuletsa kudyerera thukuta lake. Chondiwawa n'chakuti ambirife m'tauni muno timagula dzina la pabotolo, mowawo osaumva n'komwe. Ngati cholinga ndi kuledzera basi, ulipo wotchipa wogwira ntchito yomweyo mwachangu. Nanga kulipiriranji zaka 12 zimene lilime silinapatsidwe mpata wozimva?

Zaka 12 zolembedwa pabotolo lija si zokongoletsera ayi. Lamulo la ku Scotland limati mowa sungatchedwe Scotch usanakhale m'migolo ya matabwa a oak zaka zosachepera zitatu, m'dziko lomwelo, ndipo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Mowa ukakhala wosakaniza, monga Black Label, nambala ya pabotolo imanena za wisiki wamng'ono pa onse amene alowamo. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya mowa wa mumgolo imauluka, eni ake n'kumati limenelo ndi gawo la angelo. Pochoka mumphika wisiki amakhala woyera mbee ngati kachasu wathu yemweyu. Kufiirira kuja ndi fungo lambiri zimachokera ku matabwa, ngakhale lamulo limalolanso kuthirako shuga wopsereza pang'ono kuti mtundu ufanane. Choncho musanyengeke kuti wofiira kwambiri ndiye wakale. Ndipo akangolowa m'botolo, kukula kwatha. Inu amene mukusunga botolo pa kabati kuti likalambe, mukungosunga fumbi.

Tsono kulawa kwake n'kotani? Thirani toti imodzi yokha m'tambula yoyera, yosanunkha sopo. Yambani ndi mphuno, koma osailowetsa yonse ngati mukununkhiza ndiwo, chifukwa ukali wake ukuthimitsani fungo. Inunkhizeni chapatali, kukamwa kuli kotsekula pang'ono. Mukatero pskontholani kadontho, kayendeyende pa lilime musanameze. Koyambako mumva moto wokhawokha, musataye mtima. Kachiwiri ndiye zimayamba kutuluka: wina amva uchi, wina zipatso zouma, wina utsi wonga wa m'khitchini ya agogo. Dontholetsanimo madzi ochepa, muona fungo likutseguka. Akatswiri osakaniza wisiki nawonso amachepetsa ukali ndi madzi akamanunkhiza, ndiye asakunamizeni wina kuti kuthira madzi n'kupanda chamuna. Mukameza, dikirani. Mowa wabwino umatsalira kukhosi mofunda kwa kanthawi, woipa umangokanda n'kusiya fungo la mankhwala.

Mukazolowera mudzaona kuti mowa waukali suli umodzi. Laphroaig wa pa chilumba cha Islay amanunkha utsi chifukwa chimera chake cha barele amachiumitsa ndi moto wa dothi lakuda la m'madambo. Ena amamukonda, ena amati akununkha kuchipatala, ndipo onse sakunama. Jameson wa ku Ireland amatchezedwa katatu, n'chifukwa chake amatsika mofewa. Bourbon wa ku Amereka ndi wa chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo amasungidwa m'migolo yatsopano yowauka mkati, motero amatsekemererako. Burande ndi wa mphesa, ramu ndi wa nzimbe, pomwe jini, kuphatikizapo Malawi Gin wathu, amadziwika ndi fungo la tizipatso ta juniper.

Wina anena kuti zonsezi n'zachizungu, za anthu okhuta. Ine ndikukana. Pitani kumudzi mukaone mayi wotcheza kachasu. Amadontheza pang'ono pa chikhatho, kununkhiza, kulawa, n'kudziwa pomwepo kuti mutu watha, tsopano ukutuluka ndi wofooka. Mdala wodziwa mowa sagula velemoti asanalawe. Luso limenelo ndi lomwe lija la ku Scotland, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko madontho oyamba, amene ife timalimbirana kuti ndiwo mutu, sawalola kulowa mumgolo. Amawapatula n'kuwabwezera mumphika pamodzi ndi omalizira, kusunga apakati okha. Pamenepa pokha ndiye atiposa nzeru, chifukwa oyambawo amatenga zonyansa zambiri zopweteka mutu.

Ndipotu nawo anayamba mobisala ngati ife. Kumapiri a ku Scotland anthu ankatcheza mozemba a msonkho mpaka boma linasintha lamulo mu 1823, kuti munthu azigula chiphaso n'kumatcheza poyera. George Smith wa ku Glenlivet anatenga chake mu 1824, ndipo dzinalo likugulitsidwabe mpaka lero. John Walker weniweniyo anali wagolosale chabe m'tauni ya Kilmarnock, sitolo yake inatsegulidwa mu 1820. Amalonda anzanga, mwamva? Wagolosale!

Koma chachikulu chimene ndikulimbikitsira kulawa ndi chitetezo cha thumba ndi moyo. Botolo lopanda kanthu la mowa wodula silitayidwa m'tauni muno, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake. Munthu wosakhulupirika akhoza kuthiramo mowa wotchipa, kapena choipa kuposa pamenepo, n'kukugulitsani pa mtengo wa weniweni. Mphuno yozolowera imakayika msanga. Koma wothira Kokakola asananunkhize angadziwe bwanji? Ngakhale mphunoyo ili ndi malire: mankhwala a methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, simungawazindikire ndi lilime. Ndiye onetsetsani kuti chitsekerero achithyola inu mukuona, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, lisiyeni botololo.

Kwa ana asukulu zaukachenjede amene mumasonkherana kugula timabotolo ta mowa waukali kuti mugwe msanga, dziwani kuti toti imodzi yaing'ono ya 40 peresenti siitalikirana kwenikweni ndi botolo la Green. Matoti asanu m'mphindi khumi, pamimba popanda nsima, si masewera.

Mnzanga uja ndinamupempha tambula ina, ndinamuthirira toti imodzi ndi timadzi. Ananunkhiza, nakhala chete, kenaka anati, "Koma muli kautsi eti?" Apo n'kuti botolo litafika kale pakati.