Mukugulitsa nyumba, nanga mkangano mukusiyira yani?

Nyumba yapentedwa, pabwalo pasesedwa, dobadoba wajambula zithunzi n'kuzimwaza pa WhatsApp. Zipinda zitatu, madzi a pampopi, magetsi a Escom, mtengo wokambirana. Koma mwini wake akusamukiranji? Yankho limakhala lokonzeratu: ntchito yandisamutsira ku Mzuzu, ana akula, ndikufuna mpamba wa bizinesi. Ndani anamvapo wogulitsa akunena kuti aneba anditopetsa?

Chonsecho ambiri akuthawa zomwezo. Aliyense amene anakhalako ku Ndirande, Bangwe, Chinsapo kapena Kauma akudziwa kuti mapoloti ndi othithikana, moti khoma la uyu ndi mpanda wa winayo. Kuseri kuli shabini yomwe zimasipika zake zimayamba kulira Lachisanu madzulo n'kudzazima Lolemba mbandakucha, ndipo oledzera amataya madzi pakhoma la chipinda cha ana. Kwina aneba anazula bikoni usiku n'kulowetsa fawundeshoni yawo m'poloti ya mnzawo. Kwinanso anatseka ngalande ndi zinyalala, moti mvula ya mu Januwale ikagwa, matope onse a kumtunda amalowera pakhomo la kukhitchini. Dobadoba amabwera ndi wogula Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Seputembala, kuli zii, pansi pali gwa. Tsikulo anasankha ndani?

Wogulitsa ali ndi mbali yake, ndipo sitikuinyoza. Iye ndi amene wakhala akugona ndi thonje m'makutu. Anapita kwa amfumu, anapita kupolisi, anakadandaula kukhonsolo, palibe chinasintha. Thukuta lake lonse lili m'njerwa zimenezo, ndipo akaulula mtengo utsika. Amati, ine ndikugulitsa njerwa ndi malata, aneba si katundu wanga. Koma ngati aneba sali m'gulu la malondawo, bwanji mukuwabisa? Ngati phokosolo ndi nkhani yaing'ono, bwanji lakusamutsani inuyo?

Taonani amene akugulayo. Mwina ndi mphunzitsi amene wangolandira ndalama zake zopumira pantchito ataphunzitsa moyo wake wonse. Mwina ndi mnyamata wogwira maganyu ku Johannesburg, amene nyumbayo wangoiona pa kanema wa pafoni n'kutumiza ndalama kudzera kwa achimwene ake. Ameneyu analakwanji kuti alandire mlandu wa malire umene sanauyambe? Ndipo zina si za phokoso chabe. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu amene akudziwa kuti chimbudzi cha aneba chinakumbidwa moyandikana ndi chitsime cha panyumbapo, n'kukhala chete pamene banja la ana aang'ono likulowa, timutchule dzina lanji?

Ku England wogulitsa nyumba amadzaza fomu ya bungwe la maloya la Law Society yotchedwa TA6. Imamufunsa ngati panakhalapo mikangano kapena madandaulo okhudza nyumbayo kapena yoyandikana nayo, komanso ngati akudziwa china chomwe chingadzabweretse mkangano. Mu 2003 khoti la kumeneko linalamula ogulitsa ena kulipira ogula ndalama zoposa mapaundi 60,000 chifukwa anakana kuti panalibe vuto, chikhalirecho anali pa mkangano ndi aneba pa nkhani yoimika magalimoto panjira yolowera. Kwathu kuno nyumba zambiri za m'malokeshoni zimagulitsidwa ndi kalata yolemba pamanja, mboni ziwiri ndi chidindo cha amfumu. Kodi n'chovuta chiyani kuonjezera mzere umodzi m'kalatamo wonena ngati pali mkangano ndi oyandikana nawo? Nanga inu mafumu, amene munakhalira pansi mlandu wa malire omwewo mpaka kutopa nawo, mumadinda bwanji kalatayo osatsegula pakamwa? Ndalama ya chidindo ndiyo imatseka pakamwapo? Madobadoba nawo, amene phindu lawo limakula mtengo ukakwera, angayembekezeredwe kunena zoona popanda wowakakamiza?

Sitikunena kuti wogulitsa akhuthule miseche yonse ya m'mudzi. Kusapatsana moni ndi mayi wa kuseri si nkhani ya wogula, mwina iwo akagwirizana. Zakuti aneba ndi afiti ndiye musayerekeze n'komwe: lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mawu otere aphetsa nkhalamba zosalakwa. Zoyenera kuulula ndi zogwirika: malire okanganirana, njira yotsekedwa, madzi osefukira, bala yosagonetsa anthu, nkhani yomwe inafika kale kwa amfumu kapena kukhoti.

Ogula nanunso, safunsa anadya phula. Bwererani panyumbapo Loweruka usiku popanda dobadoba. Chezani ndi amayi otunga madzi pakiyosiki, funsani wa okala ya pakona, gogodani kwa aneba eniakewo mumve mbali yawo. Onani mabikoni ndi maso anu musanatulutse ngakhale tambala.

Koma udindo waukulu uli pa inu ogulitsa, chifukwa ndinu mukudziwa. Nenani vutolo, mulilembe m'kalata, mutsitse mtengo ngati kuli kofunika. Alipo ogula amene shabini siwaopsa, alipo amene angathane ndi ngalandeyo. Apatseni mwayi wosankha akudziwa chomwe akugula.